Botolo Lachitatu

1

Foni inalira Lachinayi masana tili pakhonde kwa amayi. Mkulu wanga anali akuchonga makope a ana asukulu, amayi akusokerera batani pa malaya, khanda la mkulu wangayo lili mtulo m'nyumba. Ine ndinkangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinkadziwa kuti sabata imeneyo ndi ya zotsatira. Zaka ziwiri za m'mbuyo zinkabwera mu envulopu, ine n'kukatenga. Ulendo uno achipatala anachita kuimba.

"Inde, ndine ndemwe, adokotala." Anaika cholembera chofiira pansi. "Lachiwiri likubwerali? Msanga chomwecho?"

Atadula foni anayang'ana amayi, kenako ine.

"Akuti botolo la chaka chino latuluka ndi zizindikiro, zambiri ndithu. Akufuna alowetse kamera m'matumbo Lachiwiri."

Amayi anadzibaya chala ndi singano osamva n'komwe. Ine ndinagwira mzati wa khonde ndi manja awiri.

"Tamuonani uyu," anatero mkulu wanga uku akudzikakamiza kuseka. "Wodwala ndine, wokomoka ndi iye. Khala pansi iwe Fotokope, ungatigwere."

Fotokope ndine. Ndife amapasa a dzira limodzi, ofanana mpaka kampata ka m'mano. Iye anatsogola kubadwa ndi mphindi makumi awiri, ndipo mphindi zimenezo wakhala akundilamulira nazo moyo wonse. Tsoka ilo ndinakapezanso ntchito mu shopu yokopera mapepala, moyang'anizana ndi chipata cha chipatala chachikulu, dzina lija n'kundikanirira ngati chikanga. Iye amadzitcha Orijino.

Owerenga, ndikuchenjezeni pachiyambi pomwe: nkhaniyi si ya munthu wabwino. Moyo wa mkulu wanga unali pachiswe, ndipo pakhonde paja panali munthu mmodzi amene ankadziwa chinthu chimene ngakhale adokotala sankachidziwa. Ndinali ndi masiku asanu oti ndinene. Ndinatseka pakamwa n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

2

Matendawa anamuyamba tili ndi zaka 19. Kuchimbudzi ankapita ngakhale kakhumi pa tsiku, magazi okhaokha, mpaka anthu anayamba kutisiyanitsa mosavuta: wonenepa ndi uyu, wotha ndi uyo. Madokotala anati ndi zilonda za m'thumbo lalikulu, matenda amene satheratu. Amagona, n'kudzuka, n'kugonanso. Mkulu wanga anafika podziwa chimbudzi chilichonse cha m'tauni, cha kubanki, cha kumalo omwetsera mafuta, ndi choti ukapempha kiyi kwa mlonda uti.

Zitatha zaka khumi, anamuuza kuti thumbo lotupa nthawi yaitali chotero limatha kuyambitsa khansa, choncho chaka ndi chaka aziunikidwa ndi kamera. Ankadana nayo kamerayo. Dzulo lake umamwa malita anayi a madzi owawa mchere otsuka m'mimba, m'mawa n'kukakhala pamzere, makina ali amodzi odwala ali mazanamazana.

Ndiye tsiku lina adokotala ake, bambo wamtali wa magalasi okhuthala, anatiitana ndi amayi. Anali atayambitsa kafukufuku.

"Tikufuna tiziyeza majini a mwana wanuyu," anatero.

Amayi anaimirira n'kukolekera chikwama pamkono. "Pepani adokotala, mwana wanga alibe majini. Ndi wopemphera."

"Si majini a ziwanda ayi, mayi. Ndikunena chibadwa, malangizo amene ali m'kati mwa thupi."

Ndinaseka mpaka misozi. Adokotala anapitiriza kufotokoza kwa nthawi ndithu, koma ine ndinali ndikupukuta m'maso n'kumatsina mkulu wanga pantchafu. Pa zonse zimene ananena ndinatolapo liwu limodzi lokha, lakuti chibadwa.

Dongosolo lake linali losavuta. Kamodzi pa chaka wodwala ankapatsidwa kabokosi ka timabotolo tiwiri ta zivindikiro zabuluu, china chogwiritsa ntchito, china chapadera. Umaika kachimbudzi pang'ono m'botolo, m'mene muli kale mankhwala amadzimadzi, n'kukapereka pawindo la labu nthawi isanakwane 12 koloko. Botolo likatuluka ndi zizindikiro, umadumpha mzere wa kamera. Likatuluka loyera, kamera imadikira chaka china.

Mkulu wanga amaphunzitsa kutsidya lina la tauni, ine ndimagwira ntchito pamphuno pa chipatala. Sipanafunike msonkhano kuti mtengatenga apezeke.

Botolo loyamba linatuluka loyera. Adokotala anati zotsatira zake zinali ngati za munthu amene sanadwalepo. Mkulu wanga anavina pakati pa msewu. Iye ndi mwamuna wake, alamu anga, amene ndi amisiri a zamagetsi, anali atakhala zaka zinayi akuopa kubereka. Chaka chotsatira botolo lachiwiri linatulukanso loyera, iye ali ndi pakati pa miyezi itatu. Kunabadwa mwana wamkazi wa maso ngati athu.

3

Lolemba tinapita kukaonana ndi adokotala kukonzekera za mawa lake. Mkulu wanga anali atalemba mafunso papepala, uphunzitsi sutha.

"Adokotala, chibadwa munthu amabadwa nacho. Changa chasintha bwanji chaka chino?"

Adokotala anavula magalasi n'kundiloza. "Mng'ono wanuyu amagwira ntchito ya mapepala, amva msanga. Tinene kuti selo lililonse la m'thupi lili ndi buku la malangizo. Bukulo silisintha. Koma thumbo likamatupa zaka ndi zaka, kutupako kumamenya sitepula pa masamba ena. Mawu alimo, koma tsamba silitsegukanso. Ife timati methileshoni. Tsono pali masamba amene amauza selo kuti, basi, leka kuchulukana. Amenewo akamatidwa, selo limangochulukana popanda woliletsa. Maselo a m'thumbo amayoyokera m'chimbudzi, ndiye ife timawerenga masitepulawo m'botolo muja."

"Ndiye kuti ndili ndi khansa?"

"Ayi, sindinatero. Nthawi zambiri masitepula amayamba kuoneka khansa isanafike. Ndi galu wouwa mbala ili kumpanda. N'chifukwa chake tikufuna tikaone ndi maso."

Mkulu wanga anandigwira dzanja. "Nanga uyu? Poti ndife dzira limodzi, ndiye kuti nayenso ali nawo?"

"Buku lanu ndi limodzi, koma masitepula aliyense ali ndi ake. Amabwera ndi zimene thupi lako lakumana nazo."

Iye anapumira m'mwamba, kusangalala chifukwa cha ine. Ine mawu amenewo sanali achilendo m'makutu mwanga. Ndinali nditawawerenga kale, ndipo ndinkatha kuwanena pamtima.

Ndinapempha kuti ndipite kuchimbudzi. Kanali kachitatu m'mawa umenewo. Nditatha ndinagujumula msangamsanga, osafuna kuyang'ana kawiri zimene ndinaona. Potuluka ndinapeza amayi akudikira pakhomo.

"Amapasa inu mudzandipha," anatero akupukusa mutu. "Wina akadwala m'mimba, winanso m'mimba. Limba mtima, mkulu wako akufunika munthu wamphamvu pambali pake."

Ndinati chabwino amayi.

4

Kamera imatenga theka la ola. Ndinkadziwa zimenezo chifukwa zaka za m'mbuyo ndinkamudikira pa benchi yomweyo, yobiriwira, ya mwendo umodzi waufupi. Lachiwiri limenelo theka la ola linadutsa, ola linakwana. Alamu anali atawerenga chikwangwani chosamba m'manja mpaka kuchiloweza. Namwino anatuluka mothamanga, n'kubwerera ndi dokotala wina amene sitinkamudziwa. Palibe anatiyang'ana.

"Akachuluka chonchi si bwino," anatero alamu chapansipansi.

"Mwina makina avuta," ndinayankha.

"Makina akavuta amaitana ife a zamagetsi, mlamu. Saitana dokotala wina."

Anatilowetsa m'kachipinda kopanda windo. Mkulu wanga anali akadali ndi tulo ta mankhwala, mutu uli paphewa la mwamuna wake. Adokotala anatembenuza kompyuta kuti tione. Ndinaona ngalande yofiirira yonyezimira, ndipo chakumanzere kwake chinthu chotumphuka, chamabamba, chitatseka pafupifupi theka la njira.

"Ichi ndi chotupa," anatero. "Kukula kwake ngati dzira la nkhuku. Tadulako pang'ono kuti akayeze, koma sindikufuna kukunamizani. Sichikuoneka bwino."

"Koma chaka chatha munati zonse zili bwino," anatero alamu.

"Ndinatero."

"Ndi chaka chinacho."

"Inde." Adokotala anayang'ana pa tebulo. "Chinthu chotere sichikula chaka chimodzi. Chikanayenera kuonekera m'botolo lachiwiri, mwinanso loyamba. Sindikumvetsa."

Patatha sabata yankho linabwera: khansa. Anakonza zoti achotse thumbo lonse lalikulu pakatha masabata awiri.

Alamu anapsa mtima ngati moto wa palafini. Anati kafukufukuyo ndi wabodza, adokotala anayesera mkazi wawo ngati khoswe, ndipo akawasumira. Amayi anati paja iwo anakana za majini kuyambira tsiku loyamba. Mkulu wanga yekha ndiye sanakalipire munthu. Madzulo ena dzuwa lisanalowe tili kukhitchini kwake, ine ndikutsuka mabotolo a mkaka a mwana, anandikumbatira chakumbuyo.

"Iwe ukudziimba mlandu, ndakuona. Usatero. Zaka zitatu wakhala ukuyenda ndi chimbudzi changa m'chikwama osadandaula. Ndani wina akanachita zimenezo? Botolo lachitatuli ndi limene landipulumutsa, ndipo unalinyamula ndiwe."

Botolo la mkaka linandipulumuka n'kugwera m'sinki. Ndinatsegula pakamwa, mawu anafika pakhosi, koma mwana analira kuchipinda ndipo iye anathamangira komweko. Ndinathokoza mwana uja mumtima, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi ndi kuthokoza kumeneko.

5

Paja amati mlandu suola. Wanga unandipeza Lachisanu cha m'ma 10 koloko, ndili pa makina ndikukopa ziphaso za ophunzira unamwino. Nditadzutsa mutu ndinaona adokotala ataima pakauntala, atavala jekete wamba, m'manja muli mapepala atatu.

Anadikira mpaka ophunzira aja atatuluka.

"Mundikopere awa, limodzi limodzi."

Ndinawaika pagalasi. Zinali zotsatira za mabotolo atatu aja.

"Sabata ino sindinapume," anatero akuyang'ana kuwala kobiriwira kukuyenda m'makina. "Ndili ndi anthu oposa mazana awiri amene ndinawauza kuti kamera idikire. Ndimafuna kudziwa ngati ndawapha onse. Ndiye ndinatenga kachidutswa ka chotupa chija n'kuyerekeza ndi botolo lachitatu. Masitepula ake sakufanana. Ali pa masamba osiyana."

Ndinaika pepala lina pagalasi, adokotala n'kupitiriza.

"Ndinati mwina ku labu anasokoneza mabotolo. Tinayeza chibadwa cha mabotolo onse atatu. Ndi cha mkulu wanu ndendende, palibe kulakwitsa." Anatenga mapepala ake otentha n'kuwalinganiza pakauntala. "Tsono pa dziko lonse lapansi pali anthu awiri okha amene ali ndi chibadwa chimenecho. Mmodzi ndamuunika."

Makina anazima okha monga amachitira akakhala osagwira ntchito.

"Chemwali," anatero mofatsa, ndipo kufatsako kunandiopsa kuposa kukalipa, "m'mabotolo muja munali chimbudzi cha ndani?"

6

Owerenga, ndakuzungulitsani mokwanira. Chinali changa. Mabotolo onse atatu.

Loyamba linali ngozi. Linali tsiku lomaliza lolembetsa m'kafukufuku. Mkulu wanga anandipatsa kabokosi m'mawa pa siteji n'kunena kuti, "Usataye, paja iwe manja ako ndi obowoka." Ku shopu ndinapeza mzere wa anthu ofuna mafomu, ndinaika chikwama pamwamba pa makina, ndipo chinagwa. Cha m'ma 11 koloko nditatsegula ndinapeza chivindikiro chathetheka, zonse zatayikira m'chikwama. Iye anali m'kalasi kutsidya la tauni, foni atazimitsa. Kunatsala ola limodzi kuti windo litsekedwe, ndipo malo ake akanapatsidwa wina.

Ndinayang'ana botolo lapadera lija. Ndinakumbukira liwu limodzi limene ndinatola tsiku la majini. Akuyeza chibadwa. Nanga chibadwa changa ndi chake si chimodzi? Kuyambira kusukulu ndinkamuyankhira dzina akachedwa, iye n'kundijambulitsira chithunzi cha chiphaso ine nditatupa diso. Ndinalowa m'chimbudzi cha kuseri kwa shopu ndikudziona wochenjera. Ndinakapereka botolo nthawi ili 11:40, ndipo mayi wa pawindo anandiyamikira kuti ndine m'bale wabwino.

Lachiwiri linali mantha osakaniza ndi chikondi, kapena ndinkadziuza choncho. Anali ndi pakati. Ndinati nanga zotsatira zikasiyana ndi zoyamba, si adzafunsa? Nanga akadandaula mimba n'kuchoka? Ndinakhuthulira botolo lake m'chimbudzi n'kudzaza linalo. Ndinali ndikukhulupirirabe, pang'ono, kuti palibe kusiyana.

Lachitatu ndilibe pobisala. Mwezi umodzi lisanafike, mlembi wa kuchipatala anabweretsa kapepala ka kafukufuku yemweyo kuti ndikope makope mazana atatu, poti makina awo anali atafa. Pepala likamatuluka kambirimbiri pamaso pako umaliwerenga usakufuna. Mzere wachinayi unkati: kuyeza uku sikuyang'ana chibadwa chimene munabadwa nacho, koma zizindikiro zimene matenda aika pa chibadwacho, choncho botolo la munthu wina, ngakhale wachibale, silingaimire lanu. Ndinauwerenga mzere umenewo maulendo mazana atatu.

Ndinadziwa tsopano kuti kwa zaka ziwiri palibe amene anayang'ana m'mimba mwa mkulu wanga. Tsiku la botolo ndinaima m'chimbudzi chija nditagwira awiri, lake lodzaza, lapadera lopanda kanthu. Ndikanangowoloka msewu ndi lakelo, basi. Koma ndinaganiza za funso limene likanabwera likanatuluka loipa, ndi nkhope ya alamu, ndi mawu akuti manja obowoka. Ndinadziuza kuti akuoneka wathanzi, wanenepa, akuyamwitsa. Ndinadziuza kuti chaka chamawa ndidzapereka lenileni. Ndinakhuthula lake.

Choncho foni ija italira pakhonde, ndinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, galu anali kuuwa pakhomo panga, chifukwa miyezi inayi ndinali ndikuona timagazi n'kumati ndi matenda a mudzi chabe. Chachiwiri, za mkulu wanga palibe ankadziwa kalikonse, ndipo kamera imene ankapitako inali yongomugwera mwangozi.

Zonsezi ndinawauza adokotala, ndipo anamvetsera ataima. Pomaliza anapinda mapepala aja n'kuika m'thumba la jekete.

"Lachiwiri kamera ndi yanu," anatero. "Za mkulu wanu, ayenera kudziwa asanalowe ku opaleshoni. Mumuuza nokha kapena ndimuuze ine?"

7

Ndinamuuza ndekha, nthawi yoona odwala masana, kutatsala tsiku limodzi. Anali pa bedi la pafupi ndi windo atavala chovala cha chipatala chomanga kumbuyo. Amayi anali akusenda lalanje. Alamu anali atapita kukagula madzi.

Ndinagwada pambali pa bedi n'kuyamba ndi chikwama chogwa pa makina. Sanandidule mawu. Amayi anasiya lalanje lili theka.

"Loyamba ndamva," anatero mkulu wanga. Mawu ake anali a m'kalasi, osakwera osatsika. "Lachiwiri ndikuyesa kumva. Lachitatu unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Unawerenga ndi maso ako."

"Inde."

"Ndiye tsiku lija kukhitchini ndikukuthokoza, unali chilili kumvetsera."

Anatembenukira kukhoma.

"Amayi, muuzeni mwana wanuyu atuluke."

Amayi sanandimenye, sanatukwane. Anangonditsegulira chitseko ngati mlendo. M'khonde ndinakumana ndi alamu atanyamula mabotolo awiri a madzi, akundimwetulira, ndipo ndinawadutsa osayankha moni.

Opaleshoni inatenga maola asanu. Anachotsa thumbo lonse lalikulu n'kumuikira thumba lolandira chimbudzi pamimba. Atayeza anapeza kuti khansa inali itafika kale mu timwanabere tinayi ta pafupi, ndiye panafunika miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala amphamvu odzera m'mitsempha. Adokotala ananena mosabisa kuti chikanapezeka zaka ziwiri zapitazo, mwina nkhani ikanathera pa opaleshoni yokha.

Ine kamera yanga inatenga theka la ola. Anapeza kuti nanenso ndinali ndi zilonda zomwezo, zongoyamba mwakachetechete, ndi kachotupa kochepa ngati nyemba kamene kanali kasanasanduke khansa. Anakadula pomwepo. Masana omwewo ndinabwerera kunyumba ndi miyendo yanga. Chenjezo limene linakonzedwera mkulu wanga ndinalidya ine, ndipo linandichiritsa. Ndikanakonda akanapeza chachikulu, mwina ndikanatha kuyang'ana amayi m'maso.

Alamu anapita kukapepesa kwa adokotala. Kwa ine sanalankhulenso.

8

Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Nkhani zake ndinkazimvera kwa amayi, zoperewera ngati chenje cha wogulitsa wouma mtima: lero wasanza, lero wadyako, zala zachita dzanzi moti sakutha kugwira cholembera. Kenako Loweruka lina m'mawa uthenga wa mkulu wanga unalowa pafoni. "Bwera 10 koloko. Bambo a mwana kulibe."

Ndinamupeza pabalaza atakhala pa sofa, atafunda bulangete ngakhale kunja kunali dzuwa. Anali atatha. Masaya analowa, khungu linada, tsitsi linali lopyapyala moonekera chikopa. Tsopano munthu wakhungu yekha ndi amene akanatisokoneza. Ine ndinali nditaima pakhomo ndi nkhope imene iye anali nayo chaka chatha.

Mwana anali pansi akusewera ndi zivindikiro za mapoto. Anali atayamba kuyenda. Anandiyang'ana, anayang'ana mayi ake pa sofa, n'kundiyang'ananso. Kenako anadzuka, anayenda dzandidzandi mpaka pa ine, anagwira siketi yanga n'kukweza manja.

"Amama."

Sindinamunyamule. Ndinaima ngati mtengo, manja ali m'mbali, mwana akukoka siketi.

"Munyamule," anatero mkulu wanga. "Sanalakwe ndi iye."

Ndinamunyamula. Anaika mutu pakhosi panga ngati wafika kwawo.

"Khala pansi. Sindinakuitane kuti ndikukhululukire, zimenezo sindinafikepo, ndipo sindikudziwa ngati nthawi yofikapo ndili nayo. Mwezi wamawa akandijambula chiwindi. Akuti pali kachithunzithunzi kamene sakukamvetsa." Anakonza bulangete pamimba, pamene pali thumba. "Zikavuta, amayi akalamba, bambo ake amachoka m'mawa kubwera madzulo. Mwanayu adzakulira m'manja mwako, ndifune ndisafune. Udzamusambitsa, udzamuperekeza kusukulu, udzamuphunzitsa kuluka tsitsi. Ndavomera."

"Usalankhule choncho, uchira."

"Usandiuze za m'mimba mwanga, iwe. Wayankhapo kale katatu." Anapuma kaye, mpweya unkamuvuta. "Chimene ndakuitanira ndi chimodzi. Ndiwe amayi ake aang'ono. Azikuitana choncho, mawu onse awiri. Ana amakonda kudula mawu, anthu adzakuuza kuti palibe kanthu, mayi ndi mayi. Iwenso tsiku lina udzatopa kumukonza. Usadzatope. Liwu lakuti aang'ono lisadzagwe. Walowa m'malo mwanga katatu. Kachinayi ayi."

Ndinalonjeza. Anatseka maso n'kunena kuti ndikatuluka nditseke geti bwinobwino.

Owerenga, ndalemba izi kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti akamujambule. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni, ndipo amene mukufuna kunditukwana, tukwanani, mwina mupeza mawu amene ine sindinadzinene kale. Ndingokuuzani zimene ndaphunzira mochedwa. Bodza loyamba ndinanama chifukwa chosadziwa, ndipo likanatha ndi chiganizo chimodzi cha manyazi: ndataya botolo lako, pepa. Manyazi a mphindi imodzi amenewo ndinawakana, ndipo mtengo wake akulipira ndi munthu wina, ndi thupi lake. Ngati dokotala akufotokoza, musatolepo liwu limodzi n'kuthawa nalo. Ngati mwakhala ndi matenda a m'matumbo zaka zambiri, pitani mukaunikidwe ngakhale mukudzimva bwino. Ndipo musadzayankhire m'bale wanu dzina pamalo pamene akufunsa za thupi lake, ngakhale mutafanana chotani.

Masiku ano ndimapita kwawo Loweruka lililonse, alamu akachoka. Mwana akandithamangira ndimagwada, ndimamugwira mapewa, n'kumutembenuzira ku sofa.

"Amama ndi awo," ndimatero. "Ine ndine aang'ono. Tanena, aang'ono."

Sanathebe kulitchula. Mkulu wanga amamvetsera ali chitsinzinire, ndipo mwana akalakwitsa amati, "Bwerezanso."